Kuwenga zikhadabo ndi kumeta pa maliro a Chiyuda

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira agogo ena aamuna a Chiyuda ku Johannesburg. Ali ndi matenda a shuga, ndipo ndine ndimawasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwawenga zikhadabo. Akazi awo amwalira posachedwapa. Titabwerako kumanda, mwana wawo wamkazi anandiuza kuti ndisiye kuwameta ndi kuwawenga zikhadabo mpaka adzandiuze. Kwathu timameta maliro akatha, ndiye izi zandizunguza mutu. Lamulo limeneli ndi lotani, lidzatha liti, nanga zikhadabo za kumapazi zikayamba kuwapweteka nditani?

Yankho: Amayi, pepani ndi zovuta zimene zagwa pakhomo pamene mukugwira ntchitopo. Munthu amene mumamuona tsiku ndi tsiku akatisiya, chisoni chimakugwirani ndithu ngakhale sanali m'bale wanu. Zimene wakuuzani mwana wa agogowo si za m'mutu mwake. Ndi lamulo lakalekale la Chiyuda, lolembedwa, lokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Lamuloli limaletsa namfedwa kudzikongoletsa, koma silimuletsa kukhala waukhondo kapena kulandira chisamaliro cha wodwala. Pa mapazi a munthu wa shuga, kusiyana kumeneku kukhoza kupulumutsa mwendo.

Tiyambe ndi masiku, chifukwa zonse zagona pamenepo. Masiku 7 oyamba kuchokera pa tsiku loika maliro Ayuda amawatcha shiva. Apa m'pamene mwaona magalasi odziyang'anira a m'nyumba ataphimbidwa, anamfedwa atakhala pa timipando tatifupi, malaya awo atang'ambidwa pachifuwa, anthu akubwera kudzapepesa ndi kudzapemphera. Kenako pali shloshim, masiku 30, owerengedwanso kuyambira pa tsiku loika lomwe lija, kotero kuti masiku 7 aja ali m'kati mwa 30. Munthu amene wataya mkazi, mwamuna, mwana, mchimwene kapena mchemwali, kulira kwake kwa lamulo kumathera pa masiku 30 amenewa. Amene wataya bambo kapena mayi ndiye amapitiriza mpaka miyezi 12. Choncho m'nyumba mwanumo muli mawerengedwe awiri. Agogowo akulira mkazi wawo, awo ndi masiku 30. Mwana wawoyo akulira mayi ake, ndipo zina mwa zoletsedwa zidzamutsatira chaka chonse. Masiku amenewa muwapeza m'Baibulo: Yosefe analira bambo ake Yakobo masiku 7 pa Genesis 50:10, ndipo Aisraeli analira Aroni masiku 30 pa Numeri 20:29, Mose chimodzimodzi pa Deuteronomo 34:8.

Tsiku loika maliro ndilo tsiku loyamba. Tsiku lomaliza salidikira kuti lithe lonse, chifukwa pa nkhani ya maliro gawo la tsiku limawerengedwa ngati tsiku lathunthu. Tinene kuti agogo aakazi anaikidwa Lachiwiri masana. Shiva idzatha Lolemba lotsatira m'mamawa, mapemphero a m'mawa akangotha. Tsiku la 30 lidzakhala Lachitatu patapita masabata anayi, ndipo m'mawa wa tsiku limenelo agogo akhoza kumetedwa ndi kuwengedwa zikhadabo. Tengani kalendala muwerenge nokha, kenako mutsimikize ndi mwana wawoyo.

Lamulo la tsitsi linachokera pa Levitiko 10:6. Ana awiri a Aroni, Nadabu ndi Abihu, atafa mwadzidzidzi, Mose anauza Aroni ndi ana ake otsala, Eleazara ndi Itamara, kuti asalekerere tsitsi lawo ndipo asang'ambe zovala, popeza anali pa ntchito ya unsembe. Aphunzitsi a Chiyuda anati, ngati ansembe anachita kuletsedwa, ndiye kuti munthu wamba wofedwa ayenera kuchita zimenezo: kung'amba malaya ndi kusiya tsitsi likule. Malire a masiku 30 anawatenga pa lumbiro la Mnaziri, amene sameta, pakuti lumbiro lake likakhala losatchula nthawi limatenga masiku 30. Zonsezi anazikamba mu Talmud, buku lalikulu la ziphunzitso za aphunzitsi akale a Chiyuda, m'gawo lotchedwa Moed Katan. Mwina mukumbukira Yobu, amene anameta mutu atamva za imfa ya ana ake, ndipo mungafunse kuti nanga iyeyo bwanji. Kumeta mpala polira kunali kofala pakati pa mitundu ya kumeneko, koma Deuteronomo 14:1 inaletsa Aisraeli kudzicheka kapena kumeta mpala chifukwa cha akufa, ndipo Chiyuda chinatsata lamulo limenelo.

Mwambo wathu suli kutali ndi zimenezi monga mukuganizira. Pakati pa Achewa kumeta kumabwera patapita masiku ochepa chiikire maliro, ndipo kumeta kwachiwiri patapita miyezi, kusonyeza kuti ofedwa amasuka. Kwa Ayuda nakonso kumeta ndiko kumatseka nthawi yolira. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadikira mwezi wathunthu, ndipo pa nthawi yonseyo saloledwa kumeta tsitsi la pamutu, ndevu ngakhale tsitsi la pena paliponse pathupi.

Tsopano zikhadabo. Baibulo silinalamule mwachindunji za zikhadabo za namfedwa, n'chifukwa chake aphunzitsi akale anatsutsana. Rabi Yehuda ankati n'koletsedwa kuwenga, Rabi Yose ankati n'kololedwa. Talmud inasunga nkhani imene imaonetsa kuti kamtsutso kameneka kankafika pamtima. Ku Babulo, m'zaka za m'ma 200, kunali mphunzitsi wamkulu dzina lake Shmuel, amene ankatsata maganizo olola. M'bale wake Pinchas ataferedwa, Shmuel anapita kukamupepesa, ndipo anaona kuti zikhadabo zake zatalika. Anamufunsa chifukwa chimene sanawengere. Pinchas anayankha mowawidwa mtima, kufunsa ngati Shmuel akadapeputsa maliro chotero zikadamugwera iyeyo. Sipanapite nthawi, Shmuel naye anaferedwa. Pinchas atabwera kudzapepesa, Shmuel anawenga zikhadabo zake n'kumuponyera, akumudzudzula kuti mawu otuluka pakamwa ali ndi mphamvu ndipo sayenera kuwatulutsa mosasamala. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa sinabise kanthu. Anthu awiri ophunzira, pachibale, anapwetekana chifukwa mmodzi anaona zikhadabo zazitali ngati kusadzisamala pamene mnzake ankaziona ngati ulemu kwa malemu. Inunso mukamaona zala za agogowo dziwani kuti kwa banjalo zikhadabozo ndi ulemu kwa mayi amene apita.

Lamulo limene likutsatidwa lero lili m'buku la malamulo lotchedwa Shulchan Aruch, limene Rabi Yosef Karo analemba ku Safed ndipo linasindikizidwa ku Venice mu 1565. M'gawo la Yoreh Deah, mutu 390, likuti monga kumeta kuli koletsedwa masiku 30, kuwenga zikhadabo ndi chida nakonso n'koletsedwa masiku 30, koma kuzichotsa ndi zala kapena ndi mano n'kololedwa ngakhale m'kati mwa shiva. Zikhadabo za m'manja ndi za kumapazi lamulo lake ndi limodzi. Choletsedwa ndi sizasi, lumo kapena chowengera zikhadabo, chifukwa chida chimasiya chikhadabo chosalala ndi chooneka bwino. Munthu akabenthula ndi zala chikhadabo chimene chikukola bulangete, wachotsa chomusowetsa mtendere koma sanadzikongoletse. Pa Sabata pokha, kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka kukada, ngakhale kubenthula ndi zala sachita, koma limenelo ndi lamulo la Sabata, la Myuda aliyense, osati la maliro.

Buku lomweli limapereka mpata pamene pali chifukwa chenicheni. Mayi wokwatiwa amene nthawi yake yokasamba m'madzi a mwambo otchedwa mikveh yakwana shiva itatha koma masiku 30 asanakwane, amayenera kukhala ndi zikhadabo zowengedwa bwino, ndiye amaloledwa kupempha mayi wina amene si Myuda kuti amuwenge ndi sizasi. Musatengere pamenepa n'kuganiza kuti poti inu si Myuda mukhoza kumawenga agogowo mwakachetechete. Lamulo lili pa thupi la namfedwa, ndipo mpata umenewu unaperekedwa pa chosowa chimenecho basi. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti olemba malamulowa ankadziwa kuti pali zosowa zimene zimaposa chizindikiro cha kulira.

Apa ndiye ndifike pa chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu. Chilolezo chobenthula ndi zala musachigwiritse ntchito pa mapazi a agogowo. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha ya kumapazi, munthu n'kusiya kumva kupweteka, ndiponso magazi sayenda bwino kumeneko. Chikhadabo chobenthulidwa chimang'ambika mokhota, nthawi zina n'kutenga kakhungu ka m'mbali. Kabala kotere kwa ine ndi inu kamapola m'masiku ochepa, koma kwa wodwala shuga kakhoza kusanduka chilonda chosapola mpaka kudulitsa chala kapena phazi. Ndiye pa mapazi pali njira ziwiri zokha: kuzisiya osazikhudza, kapena kuziwenga bwinobwino ndi chida choyera pamene pafunika.

Nthawi zambiri kuzisiya sikuvuta. Zikhadabo za m'manja zimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, za kumapazi pafupifupi theka la pamenepo. Ngati munaziwenga imfa isanachitike, mwezi umodzi sizingatalike moopsa. Ntchito yanu m'masiku amenewa ndi kuyang'ana. Tsiku lililonse powapukuta mapazi, ikani phazi pa thaulo pamiyendo panu pamalo owala, tambasulani zala chimodzichimodzi, muumitse pakati pake, muone ngati pali kufiira, kutupa, kutentha, mafinya, fungo, kapena chikhadabo chimene chayamba kulowa m'mnofu kapena kukanda chala choyandikana nacho. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musadikire tsiku la 30. Uzani mwana wawoyo tsiku lomwelo, mumuonetse ndi maso ake, mumupemphe kuti aimbire dokotala ndi rabi, mtsogoleri wa chipembedzo chawo. M'chilamulo cha Chiyuda kupulumutsa moyo, kumene amakutcha pikuach nefesh, kumaposa ngakhale Sabata ndi kusala kudya kwa Yom Kippur, tsiku lopatulika la chitetezero, ndiye kuli bwanji lamulo la zikhadabo. Kuwenga chifukwa cha matenda ndi chithandizo, ndipo rabi akauzidwa kuti ndi phazi la munthu wa shuga adzaliona motero. Ngati agogo anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa mapazi m'mwezi umenewu, banja lifunse rabi lisanalisinthe tsikulo.

Ndikulangizani kuti mudutse kwa mwanayo chifukwa munthu wofedwa kumene amagwiritsitsa mwambo ndi manja awiri, pakuti ndicho chokha chimene angawachitirebe mayi ake. Akadzapeza kuti mwawenga osamuuza, ngakhale munali ndi chifukwa chabwino, adzamva ngati mwanyoza maliro. Mukamuonetsa chalacho n'kunena kuti, "Amayi, taonani apa, ndikuopa chilonda, kodi tingafunse a rabi?" mudzakhala mwamulemekeza, ndipo chilolezo chidzachokera kumene iye amakhulupirira.

Kusamba kuli ndi malamulo ake. M'kati mwa shiva namfedwa sasamba thupi lonse. Amangosukusula ndi kusamba m'manja ndi kumapazi ndi madzi ozizira. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, ndipo amatsata mwambo wa Ayuda a ku Ulaya otchedwa Ashkenazi, umene Rabi Moshe Isserles wa ku Kraków analemba powonjezera pa buku la Karo lija. Mwambo umenewu umapewa kusamba kongosangalatsa thupi mpaka masiku 30. Komabe kuchotsa litsiro ndi thukuta sikunaletsedwe, ndipo wodwala ali ndi chilolezo. Mishnah, gawo lakale kwambiri la Talmud, imasimba kuti Rabban Gamliel anasamba usiku woyamba mkazi wake atamwalira. Ophunzira ake atamufunsa, anayankha kuti iye sali ngati anthu ena, thupi lake n'losalimba. Nkhalamba ya shuga, makamaka ngati imadzionongera kapena imakhalitsa pabedi, isambitsidwe monga mwa masiku onse, mwachangu, ndi madzi ofunda, osachita kuviika m'bafa nthawi yaitali. Mafuta oteteza khungu kuti lisang'ambike ndi mankhwala, apitirire. Perefyumu ndi mafuta onunkhiritsa ndevu zidikire. Kutsuka mano ndi kupesa tsitsi n'kololedwa. Ndevu za pamwamba pa mlomo zikayamba kulowa m'chakudya, shiva ikatha zikhoza kudulidwa pang'ono.

Nsapato zachikopa savala m'masiku 7 oyamba, n'chifukwa chake mwaona anthu ali ndi masokosi okha kapena nsapato zansalu. Wodwala kapena wa bala kuphazi amaloledwa kuvala, ndipo munthu wa shuga asayende chosavala ngakhale m'nyumba. Pa zovala, namfedwa amapewa zatsopano ndi zochapa kumene, ndipo mabanja ena shiva ikatha amapempha munthu wina kuti ayambe wavala malaya ochapawo kanthawi kochepa. Zovala zam'kati ndi zofunda zimene zada zisintheni, palibe amene angakuletseni.

Mwana wamkaziyo nayenso muzimumvetsa mukamuona wasintha. Sadzola zodzikongoletsera kumaso pa shiva; mayi wapabanja amaloledwa kuyambiranso shiva ikatha. Za tsitsi la amayi, Karo analola kudula masiku 7 akatha, koma Isserles anati adikire 30, ndipo a Ashkenazi amatsata Isserles. Ngati pali mwana wamwamuna wa malemuwo, ndevu zake zikhoza kupitirira mwezi. Wolira bambo kapena mayi sameta pa tsiku la 30 lenilenilo ayi, amadikira mpaka anzake amudzudzule kuti waonjeza, akuoneka wosasamalika, akamete. Pamene palibe womudzudzula, Isserles anatchula miyezi itatu ngati malire amene ambiri amatsata. Kwa ine ili ndi limodzi mwa malamulo anzeru kwambiri pa nkhani yonseyi. Mwana wofedwa amaopa kuti akathamangira kumeta adzaoneka ngati waiwala mayi ake, ndiye lamulo linachotsa mtolo umenewu pa iye n'kuupereka kwa anzake, kuti iwo ndiwo amuuze kuti nthawi yakwana. Masiku ano mnzake wa ku sunagoge amachita dala kumuyandikira masiku 30 akangodutsa n'kumuuza mawu amenewa. Zikhadabo zokha sizidikira kudzudzulidwa, pa tsiku la 30 zimawengedwa ngakhale ndi wolira kholo.

Malire amenewa Ayuda amawalemekeza mofanana ndi zoletsedwazo. Talmud imati masiku atatu ndi a misozi, 7 ndi a maliro, 30 ndi osameta ndi osavala zosita, ndipo kupyola pamenepo imachenjeza kuti munthu asadzione wachifundo kuposa Mulungu. Ndikutchula izi chifukwa amuna okalamba amene ataya mkazi nthawi zina amataya mtima n'kukana kumetedwa ngakhale masiku atakwana. Zikadzatero dziwani kuti si chipembedzo chimene chikuwaletsa. Mudzauze ana awo, makamaka ngati akukananso kudya kapena kumwa mankhwala.

Pali chinthu chimodzi chimene chingafupikitse masikuwa, ndicho zikondwerero zazikulu: Paskha, Shavuot, Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot. Chikondwerero chikafika anthu ali m'kati mwa shiva, shiva imathera pomwepo ndipo kawerengedwe ka masiku 30 kamasintha. Chikafika shiva itatha kale, chimathetsa masiku otsala a shloshim, ndipo wolira mkazi ngati agogowo akhoza kumetedwa ndi kuwengedwa zikhadabo masana a tsiku loti chikondwerero chiyamba madzulo ake. Pa tsitsi la wolira kholo chikondwerero sichithetsa lamulo. Zikondwerero zing'onozing'ono za Chanukah ndi Purim sizifupikitsa kanthu, ndipo Sabata imawerengedwa m'masikuwo koma siwathetsa. Kuwerengera kwa zikondwereroku kumasokoneza ngakhale Ayuda enieni, ndiye ngati maliro achitika pafupi ndi Marichi, Epulo, Meyi, Juni, Seputembala kapena Okutobala, tsiku lenileni lichokere kwa rabi. Dziwaninso kuti zonse ndafotokozazi ndi za Ayuda a Orthodox, otsata malamulo akale mosaphonya, amene ndi ambiri ku Johannesburg. Mabanja a gulu lina la Chiyuda lotchedwa Progressive ndi ena osatsata kwambiri amasankhapo zina n'kusiya zina. Inu malamulowa sakukumangani konse. Zikhadabo ndi tsitsi lanu samalani monga mwa masiku onse.

Tsiku lometa likadzafika, pali zinthu ziwiri zoti mudzakumbukire. Choyamba, mwamuna wa Chiyuda wotsata chilamulo sameta ndevu ndi lezala nthawi ina iliyonse, potsata Levitiko 19:27, koma amagwiritsa ntchito sizasi kapena makina ometera amagetsi. Ndevu za mwezi wathunthu zimakopa munthu kutenga lezala kuti ziyere msanga, koma yambani ndi sizasi kuzifupikitsa, kenako makina amene agogo amagwiritsa ntchito kale. Chachiwiri ndi kotaya zikhadabo. Talmud yomweyo, pa tsamba lomwe pali nkhani ya Shmuel, imayamikira wokwirira zikhadabo zake, imayamikira koposa woziwotcha, ndipo imadzudzula wozitaya pansi mwachisawawa, poopa kuti mayi woyembekezera angazipondepo n'kupita padera. Mabanja ambiri opembedza amasamalabe zimenezi. Yalani pepala kapena thaulo pansi pa dzanja ndi phazi, viikani zala za m'manja zokha m'madzi ofunda kanthawi kochepa kuti zikhadabo zifewe, za kumapazi muwenge mowongoka osalowa m'makona, musonkhanitse tizidutswa tonse. Ambiri masiku ano amazigujumula m'chimbudzi, koma funsani mwanayo mmene amachitira pakhomopo. Mukatha, apatseni agogo madzi asambe m'manja, chifukwa Ayuda opembedza amasamba m'manja akatha kumeta kapena kuwenga zikhadabo.